Mayi Sikelo a pa Chiosya

Loweruka lapitali tinavundukula chiliza cha Mayi Esinati kumanda a kuseri kwa msika wa Chiosya. Patha chaka chimwalirireni. Abusa atatchula dzina lawo la ubatizo anthu ena anayang'anana ngati asochera manda, chifukwa dzina limenelo linkagwira ntchito kutchalitchi ndi kuchipatala basi. Kwina konse anali Mayi Sikelo. Pamwambopo panali amayi a mpingo m'zovala zawo zoyera, ana, adzukulu, komanso chigulu cha abambo amene abusa sanawadziwe: akabaza, ogulitsa nyama, okhoma zidebe ndi mmodzi wokonza mawayilesi. Pafupifupi aliyense wa abambowa anapalirapo munda wa mtedza wa mayiwo. Sichinali chifundo ayi. Anali ataluza pobetcha pa ndewu ya m'khola.

Ndiyambe ndi mfundo, popeza si onse amene amaonera ndewu ya m'khola. Anthu awiri amawatsekera m'khola la waya la ngodya zisanu ndi zitatu, opanda nsapato. Nkhonya, mateche, maondo, zigongono ndi kugwetsana, zonse n'zololedwa. Raundi imodzi ndi mphindi zisanu. Ndewu wamba ili ndi maraundi atatu, yaikulu yotsiriza ili ndi asanu. Munthu amapambana mnzake akakomoka, akagogoda ndi dzanja kusonyeza kuti wagonja, kapena oweruza akagamula. Ndewu zambiri zikuluzikulu zimachitikira ku Amerika Loweruka usiku, pamene kuno kumakhala kukucha Lamlungu. Yobu, mwini holo ya kanema pamsika, ankazikopera pa foni n'kudzationetsa masana, anthu ataweruka kutchalitchi.

Apa ndiye pagona nkhani. Ife tinkabetcherana ndewu yoti inatha kale. Wina anali atakomoka kale kutsidya kwa nyanja, ife tikukangana kuti agwa ndani. Choncho holoyo inali ndi lamulo limodzi lalikulu: kuyambira Loweruka masana palibe kufufuza nkhani ya ndewu, kaya pa foni, kaya pa wayilesi, kaya kwa mbale wa m'tauni. Wophwanya lamulolo tinkamutcha wosuzumira, ndipo wosuzumira sankalowanso m'holo moyo wake wonse. Ndikudziwa amuna awiri akuluakulu amene mpaka lero amadutsa pakhomopo ataweramitsa mutu. Yobu yekha ndiye ankadziwa zotsatira. Iye sankaloledwa kubetcha, ndipo Lamlungu ankavala magalasi akuda n'kumayenda osapereka moni, kuopa kuti nkhope ingamuulule.

M'holo mmenemo mkazi wachikulire anali mmodzi yekha, Mayi Sikelo. Ankafika ndi kambale ka mtedza wosaswa, n'kumaswa ndewu ili m'kati, maso osachoka pa kanema. Zala zinkagwira ntchito pazokha. Raundi ikatentha makoko ankauluka. Ankalangiza omenyanawo mokweza m'Chichewa, kuwauza kuti ateteze chibwano, asiye kuthamangitsa mutu agwire miyendo, ndipo zikafika poipa Chichewa chinkawathera n'kuyamba Chilomwe cha kwawo. Akamenyana akazi, iwo ankaonera chiimirire, chitenje atachimanga m'chiuno ngati akupita kukatema nkhuni, ife a kumbuyo tikupempha kuti atipatseko mpata. Ankadana ndi lifali wochedwa kuleretsa. Munthu akagwa, mnzake n'kupitiriza kumusinja, mayiwo ankatukwana lifaliyo, makolo ake ndi sukulu imene anaphunzira, ngakhale wogwayo akhale amene iwo amafuna kuti aluze.

Mayina a omenyana sankawadziwa ndipo sankafuna kuwadziwa. Kwa iwo kunali wa ndevu, wa makutu otupa, wa chinjoka pamsana, mwana wa maso aulesi uja. Mbiri ya munthu, kuti wapambana kangati, wagonja kangati, ankati ndi nkhani ya fodya wa chaka chatha. Chimene ankafuna ndi kanema wa pa sikelo.

Tsiku limodzi ndewu isanachitike omenyana amapimidwa. Kuti akwane pa kulemera kwa gulu lawo, ambiri amadzifinya madzi m'thupi. Sadya, samwa, amakhala m'chipinda chotentha mpaka thukuta litaleka kutuluka. Akatsika pa sikelo ndiye amayamba kumwa kuti abwezeretse. Ambirife kanema ameneyu tinkamuona ngati zotsatsa malonda. Mayi Sikelo ankapita kwa Yobu Loweruka m'mawa, n'kukhala pafupi kwambiri ndi kanema mpaka mphuno kutsala pang'ono kukhudza galasi. Ankayang'ana milomo, maenje a maso, khungu la m'nthiti, katsikidwe ka pa sikelo, ndiponso ngati munthuyo walandira botolo la madzi ndi dzanja limodzi kapena awiri. Akatero ankanyamuka n'kumapita. Lamlungu, kanema asanayake, ankatchula wawo.

Luso limeneli anachoka nalo m'chigafa. Anabwera kuno kuchokera ku Mulanje ali mtsikana, pamodzi ndi amuna awo, kudzakhala matenanti pa esiteti ina ya fodya. Amunawo ankalima, iwo n'kutchuka ndi kusankha masamba. Ankakonda kunena kuti munthu ndi fodya n'chimodzimodzi: akauma bwino amalimba ndi kuwala, akapitirira amaoneka wokongola koma kungomugwira amanyenyeka. Ankanenanso kuti sikelo imanamizidwa kulikonse, kusiyana kwake n'kwakuti pa esiteti anthu ena ankawaza madzi kuti belo lilemere pamene anyamata a m'khola amachotsa madzi kuti apepuke. Akafunsidwa kuti anthu enawo anali ndani, ankati anamwalira onse.

Kuholo anafika ngati wamalonda. Amuna awo atamwalira, iwo atasiya za pa esiteti, ankagulitsa mtedza wokazinga pakhomo la Yobu. Loweruka lina anasuzumira pazenera, naona mnyamata wadzitho akutsika pa sikelo anthu akumuchemerera. Anauza Yobu kuti ameneyo waumitsa, sapirira. Mawa lake mnyamatayo anayamba ngati mkuntho, koma raundi yachiwiri isanathe manja anamulemera, mnzake n'kumugoneka. Sabata yotsatira mayiwo anasiya mtedza ndi mnzawo pakhomo, nalipira, nalowa.

Ine ndinkakhala kumbuyo kwawo, ndipo zaka zimene ndinkatumiza nkhani za boma lino ku nyuzipepala zinandiphunzitsa kusakometsa munthu chifukwa wafa. Mayi Sikelo ankaphonya. Amuna olemera thupi kwambiri, amene ambiri sadzifinya madzi, ankawasokoneza. Ankawatcha fodya wamuwisi, wosadziwika kuti adzatuluka giredi yanji. Nkhonya yangozi nayonso inkawagwetsa m'mphindi yoyamba ngati wina aliyense. Akaluza ankatenga khasu m'mawa mwake kupita kumunda kwa wopambana, n'kupalira akung'ung'udza mzere wonse. Koma pa anthu opepuka ndi apakati, kubetcherana nawo kunali kufunsira ganyu yaulere.

M'holo tinkabetcherana mbale ya mtedza, nkhuku, mwendo wa mbuzi, kapena tsiku la kupalira. Anyamata atayamba kubetcha pa foni anawanyengerera kuti alowe nawo, akuti ndi maso amenewo akanamanga nyumba ya malata ku Boma. Anakana. Sanakane chifukwa cha tchimo. Za tchimo anakangana kale ndi amayi anzawo a mpingo, n'kuwauza kuti tsiku limene adzaone vesi loletsa munthu kupaliritsa mlamu wake adzasiya. Anakana chifukwa foni ilibe msana. Kwa iwo kukoma kwa kupambana kunali kukhala pamthunzi, n'kumaona wakamwa wa dzulo atawerama m'munda mwawo.

Msana umene unawerama kwambiri unali wa a Dikisoni, mng'ono wa malemu amuna awo, wogulitsa nyama ya mbuzi pamsika. A Dikisoni nawo anali ndi njira yawo. Ankayeza womenya ngati mbuzi yogula: khosi, mapewa, ntchafu. Awiriwa ankakhala moyandikana, ndipo sindikumbukira Lamlungu limene anasankha munthu mmodzi. Mayiwo akatchula wa ndevu, a Dikisoni ankatenga winayo asanamuone n'komwe. Chinali chilamu, ndipo tonse tinkachikonda kuposa ndewu zina. Koma chaka china, nyengo ya mvula, a Dikisoni anapalira masabata otsatizana mpaka anyamata a pamsika anayamba kuwatcha tenanti wa Mayi Sikelo. Chilamu chinawawa.

Lamlungu limenelo holo inali itadzaza, Yobu akulumikiza mawaya. A Dikisoni anaimirira.

"Alamu, foni yanu ija imalira m'mawa uliwonse wa Lamlungu. Imakuuzani za mvula?"

"Imandiuza kuti mwana wanga wadzuka bwino. Anu sakuimbirani?"

Anthu anaseka, koma a Dikisoni sanakhale pansi.

"Mwana wa ku Chipata uja. Wogwira ntchito pa loji pamene kanema sazima."

Kuseka kunathera pomwepo. Aliyense ankadziwa kuti mwana wawo wamkazi anakwatiwa kutsidya kwa malire, ndipo n'zoona kuti ankaimba Lamlungu lililonse. Mawu akuti wosuzumira sanatchulidwe, koma onse tinawamva. Mayi Sikelo anaika kambale ka mtedza pansi. Anafunsa Yobu kuti ndewu yaikulu yolimbirana lamba wa ukatswiri ili liti, iye nati pakatha masabata awiri. Ndiye anauza holo yonse kuti awalande foni, awatsekere kumene a Dikisoni akufuna, awaonetse sikelo yokha. Akaphonya, adzatuluka okha osabweranso. Akalondola, a Dikisoni adzaimirira pamalo omwewo n'kunena kuti ananama.

Ndinayesa kufotokoza kuti mayeso oterowo satsimikizira kanthu, popeza munthu woona mtima amathanso kuphonya ndewu imodzi. Mayiwo anatembenuka n'kundiuza kuti za utolankhani ndikachitire ku Boma. Ndinakhala pansi.

Lachisanu m'mawa la sabata ya ndewuyo anapita okha kunyumba kwa a Dikisoni, atanyamula mkeka ndi zovala za kutchalitchi. Mlonda anali a Naphiri, akazi a a Dikisoni, amene anauzidwa kuti asawasiye ngakhale popita kuchimbudzi. Foni ya mayiwo a Dikisoni anaikulunga m'pepala la pulasitiki n'kuipachika pa ngowe ya nyama pamsika, pakati pa miyendo ya mbuzi, kuti aliyense aione. Anthu ankabwera kudzagula nyama n'cholinga choona foniyo.

Loweruka m'mawa Yobu anabweretsa kanema wa pa sikelo pakhonde la a Dikisoni. Tinalipo ambiri, ena atakwera pa ngolo kuti aone. Woyamba kukwera anali wofuna kulanda lamba, wa ndevu, wamfupi. Anakwera, natsika, namwa madzi ngati munthu wobwera kumunda. Kenako mwini lamba, wamtali, wosagonjapo chilowereni m'gululo, amene a Dikisoni ankamutchula ngati mwana wawo. Anachita kuvula zonse, anthu atamutchinga ndi thaulo, kuti akwane. Anakwana. Anakweza manja pang'ono, anthu a kumeneko n'kukuwa. Mayi Sikelo anauza Yobu kuti abwereze. Anabwereza. Anati abwerezenso pamene akutsika.

"Sankhani, alamu," anatero a Dikisoni. "Wa lamba kapena wa ndevu?"

"Palibe."

"Palibe chiyani?"

"Fodya uyu safika ku okushoni. Ndewuyi sichitika."

A Dikisoni anaseka mpaka kugwira mzati wa khonde. Anauza anthu kuti aone okha, nkhalamba yagwidwa, tsopano ikuthawira m'chigafa. Anati yankho limenelo kulibe, munthu asankhe mmodzi. Ena anavomereza. Ngakhale amene ankawakonda mayiwo anawapempha kuti angotchula wa ndevu, popeza ngati wa lambayo waumadi ndiye kuti aluza, iwo n'kupulumuka.

"Ndanena zimene ndaona. Ikangochitika, kaya apambana ndani, ine m'holo simudzandionanso."

A Dikisoni anavomera msangamsanga, kuopa kuti angasinthe maganizo. A Naphiri anadzatiuza pambuyo pake kuti masana amenewo, akupeta chimanga, anawafunsa chimene aona. Mayiwo anati mnyamatayo malovu anali atamuthera, lilime likumata, ndipo potsika pa sikelo phazi linafufuza pansi ngati la munthu wotsika makwerero mumdima. Anati tsamba lotero analionapo kambiri: mtundu wake wa giredi yapamwamba, koma ukalipanikiza m'jeke pomanga belo umatulutsa fumbi. A Naphiri anati iwo eni sanadye bwino tsiku limenelo, koma wandende wawo anamaliza mbale yake ndi kupempha ndiwo zina.

Lamlungu anapita kutchalitchi a Naphiri atawagwira pamkono. Wopereka moni ankayankhidwa ndi mutu, kuopa kuti wina angaponye mawu. Pofika masana kuholo kunali anthu amene sitinawaonepo. Ena anachokera ku Mlonyeni pa njinga, ena ku Boma pa minibasi. Yobu anatsegula mazenera onse kuti a panja aonereko. Magetsi anathima kanema atangoyaka, holo yonse n'kubuula, anyamata n'kuthamangira jenereta. Yobu, m'magalasi ake akuda, ankakoka chingwe nkhope ili gwa ngati chipupa. Anthu anamuzungulira kumuyang'ana m'kamwa, osapezamo kanthu.

Ndewu zoyambirira zinali zabwino, koma sindikukhulupirira kuti alipo amene angazifotokoze lero. Aliyense ankaona kanema ndi diso limodzi, linalo lili pa mayiwo. Iwo ankaswa mtedza. Tsiku limenelo sanalangize aliyense, sanatukwane lifali. A Dikisoni ankawawerengera ndewu zotsala, n'kumawauza kuti aonetsetse bwino popeza ndi kanema wawo womaliza. Anawalonjezanso kuti azidzawafotokozera zotsatira Lolemba lililonse akabwera kudzagula chiwindi.

Itatsala ndewu imodzi kuti ifike yaikulu, kanema anaonetsa owulutsa mawu atakhala patebulo, akulankhula nthawi yaitali. Chingerezi chawo chimathamanga, ndipo ambiri sitinkachitsata pakati pa phokoso la jenereta. Kenako panabwera chithunzi cha mwini lamba, chosayenda, pansi pake pali mawu. Madalitso, wakabaza amene anakhalapo ku Joni, anakwera pa benchi n'kuuza anthu kuti akhale chete. Anamvetsera, kukamwa kuli yasa. Anatembenuka.

"Akuti wadwala. Anakomoka kuhotela, ali kuchipatala. Ndewu ya lamba kulibe."

Ndakhalapo pa misonkhano ya ndale ndi pa mipira ya makapu, koma phokoso la tsiku limenelo sindinalimvepo kwina. Benchi la kumbuyo linathyoka. A pazenera anathamangira kumsika kukauza amene sanabwere. Makoko a mtedza anauluka ngati ngumbi. A Naphiri, mlonda uja, ndiwo anayambitsa nthungululu, amuna awo ali pomwepo. Yobu anavula magalasi n'kuseka koyamba pa Lamlungu, misozi ikutsika, akuti kuyambira m'mawa ankavutika kusunga nkhaniyo. Wina anathamanga kukatenga foni pa ngowe, n'kubwera nayo ataikweza m'mwamba ngati chikho, ikununkha mbuzi.

Mayi Sikelo sanaimirire. Anakoka Madalitso ndi malaya.

"Anena kuti mwanayo ali moyo?"

"Akuti ali pa diripi, mayi, koma akuyankhula."

"Amumwetse pang'onopang'ono. Fodya wouma sitimuthira madzi ndi ndowa."

Atatero anatembenukira kwa alamu awo. Holo inayamba kuzizira yokha. A Dikisoni anaimirira pamalo omwe aja, chipewa chili m'manja.

"Ndinanama ndine. Alamu anga sasuzumira." Anavala chipewa chija. "Koma za anthu onenepa sadziwa kanthu."

"Khalani pansi, alamu, ndewu ina ikuyamba. Mwatenga uti?"

"Wa kabudula wofiira."

"Ndiye nolani khasu."

Wa kabudula wofiira anapambana, ndipo Lolemba m'mawa Mayi Sikelo anali m'munda mwa a Dikisoni akupalira. Anthu anapita kukaonerera. Akuti mayiwo anayimba mzere wonse.

Anakhalabe m'holo zaka zingapo pambuyo pake. Maso atayamba kuchita nkhungu ankapempha Yobu kuti awakulitsire chithunzi pa milomo ndi m'nthiti. Miyendo itayamba kuvuta, Madalitso ankawatenga pa njinga osalandira kanthu. Anadwala nthawi yochepa, namwalira kuchipatala ku Boma tsiku Lachinayi. Mwana wawo wa ku Chipata anatiuza kuti dzulo lake anafunsa ngati anyamata a sabata imeneyo akwera kale pa sikelo.

Titachoka kumanda Loweruka, mawa lake ndinapita kuholo. Malo awo ali kumapeto kwa benchi la kutsogolo, kumanzere, pafupi ndi mzati wa bulugamu umene umachirikiza denga. Thabwa la pamenepo ndi losalala kuposa lina lililonse. Pansi, pa dothi lozira, pali timaenje tiwiri tokumbidwa ndi zidendene zawo, ndipo Yobu akamazira pansi amatilambalala. Palibe amene analamula kuti pasakhale munthu. Holo inadzaza, ena anaimirira kumbuyo, mlendo wina anayesa kukhalapo koma anaona mmene anthu anamuyang'anira n'kusuntha yekha. A Dikisoni anakhala pambali pake, tsitsi lonse loyera tsopano. Ndewu yoyamba isanayambe Yobu anawafunsa amene atenga. Anayang'ana pa kanema, nayang'ana kumanzere kwawo pa thabwa lopanda munthu, nadikira. Kenako anauza Yobu kuti ayambe wafunsa ena.